Funsani Amakaniko: Galimoto Yamagetsi pa Kuzizira kwa Juni ndi Kutentha kwa Okutobala

Mwezi uno makalata ambiri achokera kwa eni magalimoto amagetsi a ku Mangochi ndi madera oyandikana nawo, ndipo ambiri akudandaula za nyengo yozizira. Akuyankha ndi amakaniko a zamagetsi a m'galimoto.

Ndili ndi Nissan Leaf ya 2014 yochokera ku Japan, ya batire la 24 kWh. Mu Epulo ndikatchaja usiku wonse inkalemba makilomita 115. Pano mu Juni ikulemba 95 basi. Kodi batire layamba kufa?
*Che M., Namwera*

Che M., musayambe kufunsa mtengo wa batire latsopano. Nambala imene mukuiwona pa dashibodi si muyeso wa thanzi la batire. Kompyuta ya galimoto imangoyerekeza potengera mmene magetsi anadyekera pa maulendo anu apitawa. Thanzi la batire la Leaf yanu limaoneka pa timizere tating'ono 12 ta kumapeto kwenikweni kudzanja lamanja la dashibodi. Kamzere koyamba kamazima batire likatsika kufika pa 85 peresenti ya mphamvu yake yoyamba, ndipo totsatira timazima pakatha pafupifupi 6 peresenti iliyonse. Ngati mu Epulo munali ndi timizere 10 ndipo lero tikadali 10, batire lanu silinasinthe.

Kuzizira kumakhudzadi batire. Batire lalikulu limapangidwa ndi timabatire tating'ono totchedwa maselo, ndipo mkati mwa selo iliyonse muli madzi apadera amene tizidutswa ta lithium timasambiramo kuchoka mbali ina kupita ina. Kukazizira madziwo amalemera ngati uchi wa m'botolo m'mawa wa Juni, tizidutswa tija timayenda movutika, ndipo mphamvu ina imatayika ngati kutentha mkati mwa batire momwemo. Batire la mtundu uwu limasangalala pakati pa madigiri 20 ndi 30. Koma kunena zoona, kuzizira kwa ku Namwera sikufika poti kungalande makilomita 20. Batire lanu limalemera pafupifupi makilogalamu 300, choncho silizizira msanga ngati mpweya wa panja. Limagona ndi kutentha kwa dzulo masana.

Wakuba wamkulu ndi hita. Mu 2019 bungwe la oyendetsa magalimoto la ku America la AAA linayesa magalimoto amagetsi asanu pa madigiri 7 pansi pa ziro. Hita ili yozima, mtunda unatsika ndi 12 peresenti. Hita itayatsidwa, unatsika ndi 41 peresenti. Kumeneko ndi kuzizira kumene Namwera sinakuonepo, komabe batire palokha linataya zochepa.

Tiwerengere limodzi m'mayunitsi, chifukwa 1 kWh ndi yuniti imodzi yomwe ija mumagula ku ESCOM. Batire la timizere 10 limasunga mayunitsi pafupifupi 16 ogwiritsika ntchito. Mukamayenda makilomita 50 pa ola, mota imadya mayunitsi 7 pa olalo, ndipo 16 aja amakufikitsani makilomita 115. Onjezerani hita yodya yuniti 1.5 pa ola: pa makilomita 50 omwewo mwadya 8.5, ndipo mtunda wonse watsika kufika 94. Ndiyo nambala yanu ija. Dziwaninso kuti hita imadya molingana ndi nthawi, osati mtunda. Mukamayenda pang'onopang'ono m'misewu yafumbi kapena mukaima pamsika hita ikulira, gawo lake limakula kwambiri.

Yang'ananinso matayala. Mpweya wa m'tayala umatsika ndi pafupifupi 0.1 bar kukazizira ndi madigiri 10, ndipo tayala lofewa limakoka galimoto. Pimani m'mawa musanayende, mutsatire nambala yolembedwa pa kapepala ka pamphuthu ya chitseko cha dalaivala.

Galimoto yanga yakale ya petulo hita sinkawonjezera mafuta. Nanga bwanji yamagetsiyi? Ndipo ndikazimitsa hitayo, galasi la kutsogolo limachita nthunzi mpaka sindiona msewu. Ndichite chiyani?
*Mayi a ku Malindi*

Mayi, injini ya petulo ndi yowononga: gawo lalikulu la mphamvu ya m'mafuta, kuposa magawo awiri mwa atatu, limatuluka ngati kutentha. Hita ya galimoto ija inkangotapa kutentha kumene kukanatayidwa ndi radiyeta. Mota yamagetsi imataya zochepa kwambiri, motero palibe chotapa. Kutentha konse kwa m'kati mwa galimoto kumayenera kugulidwa ndi magetsi a m'batire.

Pali mitundu iwiri ya hita. Woyamba ndi PTC, imene imatenthetsa chitsulo ndi magetsi mwachindunji. Yuniti imodzi yamagetsi imapereka yuniti imodzi ya kutentha, ndipo poyamba, m'galimoto muli zii, imatha kukoka 3 mpaka 5 kW isanatsike. Wachiwiri ndi heat pump. Awa ndi makina a AC omwewo oyendetsedwa chobwerera: m'malo motulutsa kutentha kunja, amakoka kutentha kwa mpweya wa panja n'kukulowetsa m'kati. Pa kuzizira kwa kwathu kuno, madigiri 8 mpaka 15, yuniti imodzi imabweretsa kutentha kwa mayunitsi awiri kapena atatu. Imafooka pokhapokha kukazizira kwambiri pansi pa ziro, zimene kuno si nkhani.

Leaf zoyamba, za 2010 mpaka 2012, zimayamba kutenthetsa madzi ndi PTC kenako madziwo ndi amene amatenthetsa mpweya. Zimachedwa kufunda ndiponso ndi zadyera. Kuyambira kumapeto kwa 2012, za ku Japan za giredi X ndi G zinabwera ndi heat pump, pamene giredi S inatsala ndi PTC. Njira yodziwira: yatsani hita galimoto itaima, mutuluke mumvetsere kutsogolo. Mukamva kompuresa ikung'ung'udza ndi fani ikuzungulira, muli ndi heat pump. Ngati galimoto yanu ili ndi sikirini yoonetsa kadyedwe ka magetsi, muonanso pomwepo ma kW amene hita ikukoka.

Chida chimene ambiri amachiiwala ndi chotenthetsa mpando. Leaf zambiri za ku Japan zili nacho, pamodzi ndi cha chiwongolero. Mpando umodzi umadya mawati osakwana 100, pamene hita imadya masauzande. Valani juzi, yatsani mpando, hita muiike pa madigiri 18 kapena 19 m'malo mwa 26.

Za nthunzi: imabwera chifukwa mpweya wonyowa wotuluka m'kamwa mwa anthu ukukhudza galasi lozizira, ndipo m'mphepete mwa nyanja mpweya ndi wonyowa kale. Mankhwala ake si kutentha kokha koma kuumitsa mpweya. Zimitsani batani lozungulitsa mpweya wa m'kati kuti wa panja ulowe, yatsani AC, muloze mphepo ku galasi. Pa mphindi ziwiri kapena zitatu galasi layera, ndipo AC pa nyengo yozizira imadya zochepa. Galasi lakuda m'kati limagwira nthunzi msanga, ndiye muzilipukuta ndi nsalu youma yoyera, osati ndi chikhatho. Ndipo musayende mukusuzumira pa kabowo pofuna kusunga makilomita atatu. Msewu wa ku Malindi m'mawa umadzaza njinga ndi ana a sukulu.

Chenjezo limodzi kwa amene ali ndi heat pump. Gasi wa AC akachepa, hita nayonso imafooka. Koma musapite kwa aliyense wothira gasi m'mbali mwa msewu. Kompuresa ya galimoto yamagetsi ili ndi mota ya mavoti oposa 300 m'kati mwake, ndipo imafuna oyilo wapadera wosadutsa magetsi. Oyilo wamba wa PAG wa magalimoto a petulo, ngakhale wotsalira m'mapaipi a makina othirira gasi, angachititse kuti magetsi adumphire ku thupi la galimoto, kompyuta n'kukana kuyenda. Mawaya onse a mtundu wa olenji ndi a mavoti akuluwo, asakhudzidwe ndi munthu wosaphunzira.

Mu Julayi tikufuna kupita ku ukwati ku Dedza kudzera ku Golomoti, anthu anayi ndi katundu. Galimoto ndi Leaf ya 2018 ya 40 kWh, thanzi la batire 85 peresenti, ndipo ikadzaza imalemba makilomita oposa 200. Tikafika popanda kutchaja panjira?
*Bambo a ku Mpondasi*

Bambo, 200 ameneyo anawerengedwa pa misewu yathyathyathya ya m'mphepete mwa nyanja. Kompyuta sidziwa kuti kutsogolo kuli chitunda cha Khwekhwelere.

Batire la 40 kWh likakhala latsopano limapereka mayunitsi pafupifupi 36 kapena 37. Pa 85 peresenti mwatsala ndi 31. Titenge ulendo wanu kukhala makilomita 160. Mtunda weniweni muwone pa mapu kuchokera pakhomo panu mpaka kumene kuli ukwatiwo. Pa liwiro la makilomita 85 kapena 90 pa ola, galimotoyi imadya pafupifupi yuniti 0.15 pa kilomita, amene ndi mayunitsi 24. Tsopano chitunda. Mangochi ali mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja yamchere, Dedza ali pafupifupi 1,600. Galimoto pamodzi ndi inu anayi ndi zikwama ikulemera makilogalamu pafupifupi 1,900, ndipo kukweza katundu wotere mamita 100 alionse kumadya pafupifupi yuniti 0.6. Mamita 1,100 ndi mayunitsi pafupifupi 6.5. Mwafika kale pa 30.5 hita musanaikhudze. Mpweya umazizira ndi madigiri 6 kapena 7 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, choncho mukadutsa Masasa madzulo a Julayi wina m'galimotomo apempha hita, ndipo yuniti 1.5 yapita. Chizindikiro cha kamba, chosonyeza kuti batire latsala pang'ono kutheratu, chidzakuyakirani pa dashibodi musanaone phiri la Dedza bwinobwino.

Ulendowu ungatheke mukasintha zinthu zitatu. Yendani pa 70, chifukwa kulimbana ndi mphepo kumakula mofulumira kuposa liwiro. Pamenepo mudya pafupifupi 0.13 pa kilomita, onse pamodzi ndi chitunda pafupifupi 27.5, n'kutsala ndi atatu okha. Nyamukani dzuwa litakwera kuti mufike masana. Chachitatu, chimene ife tingakulimbikitseni koposa, konzani malo oima maola awiri Khwekhwelere musanayambe. Soketi wamba ya m'nyumba yokoka ma amp 10 imapereka 2.3 kW, ndipo m'batire mumalowa mayunitsi pafupifupi awiri pa ola. Maola awiri ndi mayunitsi anayi, okwanira kukuchotserani nkhawa. Pemphani mwini malo pasadakhale, mulipire mayunitsi ake, ndipo kumbukirani kuti magetsi amatha kuzima tsiku lomwelo.

Samalani ndi chingwe chimene chinabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan. Chambiri chinapangidwira mavoti 200 ndipo chimakoka ma amp 15, pamene pulagi yathu ya mano atatu malire ake ndi 13. Kwa maola angapo pulagi imatentha mpaka kusungunuka. Panjira nyamulani chingwe chotha kuchepetsedwa kufika pa 10, musadutsitse pa ekisitenshoni yopindidwa, ndipo pakatha theka la ola gwirani pulagi mumve ngati yatentha.

Pobwerera nkhani imatembenuka. Musadzaze batire kufika 100 ku Dedza. Galimoto yamagetsi ikamatsetsereka, mota imasanduka jenereta, imabweza magetsi m'batire n'kumagwiranso galimoto kuti isathamange. Batire likakhala lodzaza, makamaka litagona pozizira, kompyuta imakana kulandira magetsiwo, ndipo ntchito yonse imagwera mabuleki a kumatayala pa mtsetse wautali wokhotakhota. Tchajani mpaka 80 kapena 85, ikani giya pa B, imene imawonjezera kubweza magetsi kuja, mutsike modekha. Mudzabweza theka kapena kuposerapo la zimene chitunda chinadya. Koma gawo lomaliza, kuchokera pamphambano ya ku Monkey Bay kubwera ku boma, mudzakumana ndi mwera maso ndi maso, poti umaomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa. Siyani mayunitsi owonjezera a pamenepo.

Mwana wanga amagwira ntchito yoperekera katundu ku Johannesburg pa galimoto yamagetsi ya kampani. Akuti m'mawa wa Julayi akaiika pa tchaja yothamanga imalowa pang'onopang'ono, pamene masana imathamanga. Akuopa kuti abwana aganiza kuti waiwononga.
*Agogo a ku Makanjira*

Agogo, muuzeni mwanayo mtima ukhale m'malo. Johannesburg ili mamita pafupifupi 1,750 pamwamba, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi kumazizira mpaka kuyandikira ziro, nthawi zina udzu kuyera ndi chisanu. Potchaja, lithium amayenera kulowa m'kati mwa graphite (kaboni wonga wa m'pensulo) ya m'selo. Selo ikazizira amalowa mochedwa, ndipo mukamukakamiza ndi magetsi ambiri amaunjikana pamwamba ngati chitsulo. Lithium wotereyo sabwereranso kuntchito, ndiponso angamere timinga toboola kansalu kolekanitsa mbali ziwiri za selo. Pofuna kupewa zimenezi kompyuta ya batire imachepetsa dala magetsi olowa mpaka maselo atafunda. Kuchedwako ndi galimoto kudziteteza.

Atchaje madzulo atangomaliza ntchito, batire likadali lofunda, osati mbandakucha. Ngati galimotoyo ili ndi njira yofunditsira batire isanafike pa tchaja, aigwiritse ntchito. Pa magalimoto ambiri atsopano imayamba yokha ukasankha malo otchajira pa mapu a galimoto. Ngati imagona yolumikizidwa ku magetsi, aike nthawi yoti hita iyake mphindi 20 asananyamuke, kuti kufunditsa koyamba, kumene kumadya kwambiri, kulipiridwe ndi magetsi a pakhoma.

Afunsenso mtundu wa batire. Magalimoto a BYD ndi ena ambiri a ku China ali ndi batire la LFP, limene limapirira kutentha koma limachita ulesi kwambiri pozizira. Mavoti ake sasintha kwenikweni pakati pa kudzaza ndi kutha, motero kompyuta imasokonezeka powerengera zotsala. Limafuna kudzazidwa mpaka 100 kawirikawiri, monga kamodzi pa sabata, kuti nambala ya pa dashibodi ikhale yoona.

M'mawa wina wozizira galimoto inakana kuyaka, magetsi a pa dashibodi akungophethira, chonsecho dzulo lake batire linali pa 80 peresenti.
*Woyendetsa takisi, Mangochi Boma*

Achimwene, limenelo ndi batire laling'ono la mavoti 12, longa la galimoto ina iliyonse. Ndi limene limadzutsa kompyuta ndi kuyatsa maswichi olumikiza batire lalikulu. Likafooka, lalikulu lija ngakhale lidzaze silingathandize. Kutentha kwa kuno kumalidya chaka chonse, ndipo m'mawa wozizira ndi umene umangoulula. Lipimeni ndi mita litagona usiku: 12.6 ndi lodzaza, 12.2 lili pa theka, pansi pa 12.0 lili pamavuto. Galimoto ikalemba READY muyenera kuona pakati pa 13 ndi 14.5. Chotsani ufa woyera pa mitu yake, mumange mawaya zolimba. Mukhoza kuidzutsa ndi mawaya kuchokera ku galimoto ina, koma galimoto yanu yamagetsi musaigwiritse ntchito kudzutsira minibasi ya mnzanu.

Tikufuna kugula galimoto yamagetsi yotengera alendo pa malo athu ogona. Poti kuno kunyanja sikuzizira ngati ku Ulaya, ndiye kuti batire lidzakhalitsa, si choncho?
*Mayi a ku Monkey Bay*

Ayi, Mayi, n'zotembenuka. Makilomita amene kuzizira kwalanda amabwerera kukafunda. Amene kutentha kwadya sabwerera. M'kati mwa selo mumachitika kudyana kwa mankhwala pang'onopang'ono kumene kumamanga lithium kuti asagwirenso ntchito, ndipo akatswiri amayerekeza kuti liwiro lake limawirikiza kawiri kutentha kukakwera ndi madigiri 10. Kumafulumiranso batire likakhala lodzaza. Galimoto yoima padzuwa la Okutobala ku Monkey Bay, panja pali madigiri oposa 35, batire lili pa 100 peresenti, ikukalamba ngakhale isakuyenda.

Leaf ndiyo imapezeka motchipa kuchokera ku Japan, koma batire la Leaf zakale zimenezi lilibe madzi kapena fani yoziziritsira. Limangodikira mpweya wa panja. Mu 2012 eni Leaf a ku Phoenix, mzinda wotentha kwambiri wa ku Arizona, anadandaula kuti timizere tikuzima galimoto isanathe zaka ziwiri, mpaka Nissan inadzasintha kapangidwe ka maselo pa magalimoto a 2015. Anapirirako, koma kuziziritsa sikunawonjezedwe, ngakhale pa za 40 kWh, zimene zimachepetsa liwiro la kutchaja zikatenthedwa pa ulendo wautali. Ngati thumba likulola, kwa malo ngati anu sankhani galimoto imene imaziziritsa batire lake, monga Hyundai Kona Electric, MG ZS EV kapena BYD Atto 3.

Mukagula Leaf, imangireni shedi yodutsa mphepo, osati garaja yamalata yotsekeka. Masiku wamba tchajani mpaka 80, ndipo 100 akhale wa m'mawa wa ulendo wautali wokha. Ikabwera kuulendo masana isiyeni ipume maola angapo, mudzatchaje usiku kwambiri. Ikakhala masabata osayenda, isiyeni pakati pa 50 ndi 60. AC musaiwope: pa kuyesa kwa AAA kuja, pa madigiri 35 inatsitsa mtunda ndi 17 peresenti, ndipo mukayamba mwatsegula mawindo mphindi imodzi kuti mpweya wotentha utuluke imadya zocheperapo.

Musanalipire, musakhulupirire timizere tokha, chifukwa ogulitsa ena osakhulupirika amafufuta zimene kompyuta inasunga kuti tonse 12 tiyake, ndipo timadzazimanso pakapita masabata. Gulani kachipangizo ka OBD2 ka Bluetooth, kowerengera zimene zili m'kompyuta ya galimoto, mukalowetse pa soketi ya pansi pa chiwongolero, mutsegule pulogalamu ya LeafSpy pa foni. Yang'anani SOH, amene ndi thanzi la batire, muyerekeze ndi Hx, nambala yosonyeza mmene batire likudutsitsira magetsi mosavuta. SOH ikakhala pamwamba kwambiri pamene Hx ili pansi, pali chobisika. Onani chiwerengero cha QC, chosonyeza kuti inatchajidwa kangati pa tchaja yothamanga. Kenako yendetsani galimoto mpaka batire litsike pansi pa 30 peresenti, mupondereze pa chitunda wina akuyang'ana foni. Maselo onse, amene pulogalamuyi imawaonetsa m'magulu 96, ayenera kutsikira limodzi. Imodzi ikagwa yokha ndi mamilivoti mazana angapo pansi pa anzake, selo imeneyo ndi imene idzaimitse galimoto panjira batire likulemba kuti mwatsala makilomita 30, ndipo mtengo woisinthira muuchotse pa mtengo wa galimoto.